Dzira Lachisanu ndi Chiwiri la Nanyoni

Padangotero, kalekale mitambo ikadali pafupi moti tambala akalira a kumwamba ankadandaula phokoso, mbalame zikuluzikulu zidali ndi mudzi wawo kumeneko. Mfumu yawo idali Nkhwazi, ndipo m'nyumba mwake ndi momwe ankasungira mvula m'mitsuko.

Ufumu wa kumitambo sunkapita kwa mwana wa mfumu ayi. Monga kwathu kuno, unkapita kwa mwana wa mlongo wake, ndipo woyamba kuganiziridwa adali wa kubele lalikulu. Musandifunse kuti mbalame bele idalitenga kuti, ndi mmene ankanenera. Nkhwazi adali ndi alongo awiri, wamkulu Mwatitha, wamng'ono Nankhoma, ndipo onse adafika poikira chaka chimodzi. Kumitambo kumazizira, dzira silingaswe, choncho akazi akumeneko ankatsikira pansi kudzaikira m'mitengo italiitali.

Atangotsika, Nankhoma adaitanitsa Likongwe, mbala ya mazira yodziwika dera lonse. Masiku amenewo Likongwe adali wopepuka miyendo, mano ali onse.

"Ukwere mumtengo wa akulu anga," adatero Nankhoma. "Utenge dzira, uliswe, undibweretsere chigoba."

"Nanga ine ndidyapo chiyani, amayi?"

"Nsomba, mpaka ukane wekha."

Mwatitha atapita kukamwa madzi, Likongwe adakwera n'kutenga dzira. Koma sadaliswe. Musaganize kuti chidali chifundo, chifundo adalibe. Adangoona kuti wamkulu akakutuma zoipa usamataye umboni, chifukwa tsiku lina adzafuna kukutseka pakamwa. Kwa Nankhoma adapereka chigoba cha tsekwe. Dzira lenilenilo adakalibisa kwa Nanyoni, thadzi lamasiye lomwe tambala wake adafa ndi chitopa chaka chomwecho. Nanyoni ankafungatira mazira asanu ndi limodzi. Atatuluka kukasamba phulusa, Likongwe adaikapo lachisanu ndi chiwiri.

"Nkhuku sidziwa kuwerenga," adatero, nkumapita akunyambita milomo.

Mwatitha adalira mpaka mawu adasasa, ndipo sadaikirenso dzira moyo wake wonse. Dzira la Nankhoma lidaswa mwana wamwamuna, Gwaza, amene adalengezedwa kuti ndiye adzalowa ufumu. Kukhola kwa Nanyoni nako kudaswa mwana wamkazi wamkulu modabwitsa, ndipo Nanyoni adamutcha Ndaziona.

Likongwe adapita kukaona katundu wake.

"Odi! Ndine mlongo wanu wakutali," adanama. "Agogo athu adayamwa bele limodzi."

Nanyoni adamuyang'ana ndi diso limodzi, kenako linalo. "Chabwino, achimwene. Khalani pamphasapo."

Kamwana kaja kadabwera chotewatewa, kadamukwera pamsana n'kunena kuti, "Malume." Basi mbala idagwidwa pomwepo popanda msampha. Mawa lake adabweranso, mkucha wakenso. Mazira adasiya kudya, anzake adamuseka, iye adayamba kukumba ziwala ndi mbozi ngati wosauka.

Tsono bodza ndi mwana, limafuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku. Anansi atafunsa za mlomo wokhota, Likongwe adati mwanayo adagwera mumtondo. Atafunsa za zikhadabo, adati ndi kupalasa pamiyala. Za msinkhu adati amake adadya nandolo wambiri asadaikire. Nthenga zoyera zitayamba kutuluka kumutu, adati ndi imvi zaubwana, zochititsa manyazi, ndipo adamugulira duku kuti asamavule. Zaka zidapita, mano adagweluka, msana udapindika, koma mafunso a anansi sadakalambe.

Akamabwerera kuuna kwake ankaimba nyimbo imodzimodziyo. Idali nyimbo ya munthu wosenza katundu wopanda nkhata, yemwe amafunsa aliyense wokumana naye malo otulira, ndipo olandira nyimbo amamuyankha kuti apite patsogolo pang'ono. Ana a m'njira ankailandira akuseka, osadziwa kuti mkuluyo sakuseka nawo.

Tsiku lina Gwaza adatsika ndi asilikali ake, akabawi, kudzawakha anapiye, monga amachitira ana a kumpanda akasowa chochita. Ndaziona adali akulera ana a mchemwali wake. Gwaza atangogwira mwanapiye, adamva mwendo wake wapanidwa gwa.

"Tula mwana," adatero mtsikana.

"Ukudziwa kuti ndine yani?"

"Ndiwe wakuba. Tula mwana."

Adatula. Mawa lake adabwera yekha atanyamula nsomba. Ndaziona adali asadalawepo nsomba chibadwire. Atadya, misozi idangotsika, osadziwa chomwe akulirira. Mwina mukufunsa kuti Gwaza sadaone bwanji kuti mnzakeyo ndi nkhwazi. Mtsikanayo ankayenda chogwedeza khosi, ankapalasa, kuuluka kwake kudali kufika padenga la khola, ndipo duku silinkachoka kumutu. Komanso mnyamata akakonda, maso amangokhala okongoletsa nkhope basi.

Mwezi usadathe, Nanyoni adaitana Likongwe.

"Achimwene, mwana wapeza banja. Nkhoswe ndinu."

"Mnyamata wake ndi wa kuti?"

"Wa kumitambo. Mwana wa Nankhoma."

Likongwe adakhala pansi asadauzidwe. Akadakhala asuweni, akadavina nawo. Koma ana a akazi awiri a mimba imodzi ndi munthu ndi mlongo wake, ndipo akale ankati oterowo akalowana m'nyumba yosunga mvula, mvula imaima, awiriwo n'kutupa mpaka kufa. Akaulula, Nankhoma amupha iye pamodzi ndi mtsikana, ndipo ngakhale atapulumuka, a kumitambo adzatenga mwana wawo, Nanyoni n'kutsala manja lende. Njira idali imodzi: kuthamangitsa mnyamata popanda kunena chifukwa.

"Bambo," adatero kwa Gwaza, "kuno ndi chikamwini. Mkazi sapita kwa mwamuna. Mugone m'khola mwezi wathunthu, muzidya gaga, nsomba musakhudze."

"Ndamva, malume."

Likongwe adamusankhira ngodya ya utitiri wambiri. Masiku atatu oyamba mwana wa kumpanda adadzikanda mpaka nthenga zidayoyoka, ndipo nkhoswe idayamba kumwetulira. Koma Ndaziona adamutengera kudzala n'kumuphunzitsa kusamba phulusa. Mwezi utatha Gwaza adatuluka ali mbuu, akuseka.

"Gaga ndi wokoma, malume. Kwathu sitimudziwa."

Likongwe adabwerera kwawo akuimba ya katundu wopanda nkhata, ana akumuuza kuti apite patsogolo pang'ono.

Mmawa adabwera ndi ntchito ina. "Mkamwini amadziwika ndi munda. Munda wa apongozi anu ndi uwo. Muupalase ndi zala zanuzo, mubzale mapira, masiku asanu."

"Ndamva, malume."

Zala za nkhwazi n'zogwirira nsomba, si zolimira. Pofika masana zikhadabo ziwiri zidali zitathyoka. Ndaziona adamumanga zala ndi luzi, kenako adayenda khola ndi khola kuitana dima. Nkhuku zidadzaza munda, fumbi kobo, ndipo pa tsiku lachitatu mapira adali m'nthaka.

"Ine ndinati nokha!" adakalipa Likongwe.

"Simunanene, malume," adayankha Ndaziona.

Likongwe adaganiza, adaganiza, n'kupeza kuti sadanenedi. Ali mnyamata sakadasiya khomo lotere losatseka. Tsiku limenelo adaimba motsitsa, ndipo ana adachita kumukumbutsa mawu ena.

Yachitatu adaikonza bwino. Adauza Gwaza kuti alondere anapiye onse a m'mudzi tsiku lathunthu, asasowe ndi mmodzi yemwe. Kenako adazemba kukapeza akabawi.

"Bwana wanu akuti ndinu amantha. Akuti iye atakhala pakhomo, palibe wa inu angatole ngakhale nthenga."

Kuwerengera kwake kudali kotere: akalola mwanapiye kutengedwa, Ndaziona amukana. Akamenya asilikali ake, kwawo amuitanitsa ndi mkwiyo. Uku kapena uku, ukwati watha.

Akabawi adagwa ngati matalala. Gwaza adalimbana nawo, adagwetsa awiri, atatu, koma mkulu wawo adamudzera kumbuyo n'kumukwezera m'mwamba. Ndaziona ataona, adathamanga, adalumpha, ndipo sadatsike. Adapitirira denga la khola, adapitirira mitengo, adamenya kabawi uja ndi phiko limodzi n'kutsika ndi bwenzi lake. Mudzi wonse udaona.

"Kamvulumvulu!" adafuula Likongwe. "Mwaona kamvulumvulu ameneyo? Anangomunyamula mwana!"

Palibe tsamba lomwe lidagwedezeka tsiku limenelo, koma anansi nawo adali atatopa ndi kufunsa. Akabawi adachita manyazi pomenyedwa ndi mkazi, ndipo kwawo sadakanene kanthu. Ndaziona adatsatira Likongwe mpaka pamphambano.

"Malume, ine ndine yani?"

"Ndiwe mwana wa amako."

"Nanga bwanji kumwamba kuja ndinamva ngati ndafika kwathu?"

"Ndi chizungulire. Kamwe madzi."

Adayamba nyimbo yake, koma idamuthera pakati. Ana adadikira polandirira, kenako adabalalika.

Zoyesa zidatha, ndipo tsiku la ankhoswe lidafika. Mfumu Nkhwazi idatsika yokha monga mwini mbumba, pamodzi ndi alongo ake awiri. Mwatitha adali atakalamba asadakalambe, ankangokhala pomwe amukhazika. Anthu asadakhale pansi, Likongwe adakokera Nankhoma kuseri kwa nkhokwe.

"Amayi, mukundikumbukira?"

"Sindicheza ndi akuba."

"Dzira lija sindinaswe. Ndi uyo wakhala pamphasayo, wa dukuyo."

Nankhoma adasuzumira n'kumuona.

"Letsani ukwati," adachonderera Likongwe. "Nenani kuti simufuna mpongozi wa m'khola. Palibe angadabwe."

"Ndaletsa katatu. Gwaza akuti ndikaletsanso, ufumu ausiya."

"Ndiye nenani zoona."

"Kuti mpando ubwerere kwa Mwatitha? Ndavutikira zaka zonsezi chiyani?"

"Atupa, amayi. Mwana wanu yemweyu atupa."

"Mwina satupa. Zonena akale sizichitika zonse."

Adakonza nthenga zake n'kukakhala pafupi ndi mfumu. Likongwe adakumanapo ndi agalu, misampha ndi moto wa tchire, koma sadaopepo chinthu ngati mmene adaopera mayi ameneyu.

Nthawi yoti nkhoswe ya kuchikazi ivomereze itakwana, adaimirira ndi ndodo yake.

"Wawa, ukwati uwu sutheka. Awiriwa ndi munthu ndi mlongo wake. Mtsikanayu ndi dzira la amayi Mwatitha. Ndinaba ndine, ndinaika kwa Nanyoni ndine."

Adanena zoona pagulu koyamba chibadwire, ndipo bwalo lonse lidafa nacho chiseko.

"Mlomo munati ndi mtondo," adatero bakha wina. "Kuuluka munati ndi kamvulumvulu. Lero mwati dzira?"

"Wawa," adatero Gwaza, "malumewa sandifuna. Ayesa njira zitatu, iyi ndi yachinayi."

Mfumu idagwedeza mutu. "Khalani pansi, akulu. Mwakalamba."

Likongwe adakhala. M'thumba mwake mudalibenso kanthu. Pabwalopo padali amayi awiri odziwa zoona, ngakhale iye ankadziwa mmodzi yekha. Woopa kutaya mpando adangoti chete. Woti ataya mwana ndiye adaimirira.

"Ndilankhuleko, wawa," adatero Nanyoni. "Ine ndinaikira mazira asanu ndi limodzi. Nditabwera kosamba ndinapeza asanu ndi awiri, lina lalikulu, lozizira. Ndinati la mwini ili, koma likazizira lifa. Anga anaswa patatha masabata atatu. Ilo ayi. Ndinakhalira masabata ena atatu, ana anga akuyenda okha opanda mayi, ndipo awiri anatengedwa ndi akabawi ndikuona. Sindinadzuke. Ndikanadzuka, dziralo nalo bwenzi litafa, n'kutaya atatu." Adatembenukira kwa Likongwe. "Achimwene, nkhuku imawerenga. Ikapanda kunena, ndiye kuti yasankha."

"Amayi, musatero," adatero Ndaziona.

"Bwera kuno, mwana wanga. Werama."

Adamumasula duku. Mutu udali woyera ngati wa mfumu yomwe. Palibe adasekanso.

Nankhoma adachita changu. "Nkhwazi zilipo zambiri, achimwene. Zina zimataya mazira m'tchire. Uyu angakhale wa aliyense."

Mfumu idazengereza, poti mawuwo adali ndi mutu. Apo ndi pomwe Likongwe adamva kanthu kakale kakudzuka m'mutu mwake, ndipo adaimiriranso pang'onopang'ono.

"Wawa, amayi Nankhoma akunena zoona. Ndanama poyamba paja. Mtsikanayu si wa amayi Mwatitha, ukwati upitirire. Dzira lawo ndinaliswa ndekha n'kumwa. Kungoti mboni ndilibe."

"Wabodza wopanda mboni," idatero mfumu. "Ndiye titsatira mawu a thadzi, tifufuze bwino."

"Analiswa!" adakuwa Nankhoma. "Chigoba ndinachiona ndi maso angawa, anandibweretsera yekha!"

Mawu adatuluka, ndipo kuwabweza kudali kosatheka. Mfumu idatembenuka kuyang'ana mlongo wake.

"Chinali cha tsekwe, amayi," adatero Likongwe, n'kukhala pansi.

Mwatitha adadzuka popanda womugwira dzanja. Adafika pamaso pa Nanyoni n'kugwada, nkhwazi kugwadira nkhuku.

"Chinali chaka chiti, mayi?"

"Cha chitopa. Mapira akucha."

Mwatitha sadafunsenso. Adaika mutu wake pakhosi pa Ndaziona, ndipo kulira komwe kudasowa mawu zaka zonsezo kudatuluka.

Gwaza adayang'ana mtsikana amene adamugonera m'utitiri ndi kumuthyolera zikhadabo. "Mlongo," adatero. Adauluka osatsanzika, ndipo akuti adakakhala ku nyanja ina kutali, wosakwatira. Mfumu idaletsa Nankhoma kukweranso kumitambo. Likongwe adaweramitsa khosi kudikira chake, koma mfumu idangomuyang'ana n'kunena kuti, "Uyu wadzilanga kale, musiyeni."

Kenako idati mwana wa kubele lalikulu akwere, chifukwa mitsuko ya mvula ikufuna mwini.

"Sindipita," adatero Ndaziona. "Amayi anga ndi awa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

"Upita," adatero Nanyoni.

"Ndiye tipitire limodzi. Ndikuberekani."

"Kumazizira kumeneko, ndipo kulibe popalasa. Adzukulu ndiwasiyire yani? Pita. M'khola umagona chopinda miyendo kuyambira kale, ukuganiza sindimaona? Ndipo mayi uyu wadikira nthawi yaitali kuposa ine."

Ndaziona adatembenukira kwa Likongwe. "Malume, mukanandiuza."

"Ndikanakuuza, bwenzi utapita kalekale."

Ndaziona adamukumbatira mpaka nthiti zidalira, adakumbatira amake, kenako adakwera pakati pa mfumu ndi Mwatitha. Alendo adabalalika, mowa wa ukwati udatsala m'mitsuko. Pamphasa padatsala nkhalamba ziwiri.

"Bwanji simunandiuze kuti mukudziwa?" adafunsa Likongwe.

"Ndikananena, mukanasiya kubwera kudzanama. Ine bodza sindilitha, achimwene. Mabodza anu ndi amene amandisungira mwana."

"Ndatopa, mlongo."

"Inenso."

Mvula ya chaka chimenecho idagwa bwino, aliyense adakolola, ndipo anthu adayamika mwini mitsuko watsopano. Ndaziona ankabwera mwezi ndi mwezi, kenako chaka ndi chaka, kenako ankangodutsa pamwamba ntchito zikamuchulukira, n'kulira kamodzi kuti amake amve. Nanyoni ankasiya kupalasa, n'kupendeka mutu kuyang'ana kumwamba ndi diso limodzi, chifukwa maso onse awiri sakadapirira.

Mpaka lero thadzi limachita chomwecho. Chithunzithunzi chikadutsa pabwalo, limaitana ana ake onse n'kuwafungatira pansi pa mapiko, ilo lokha n'kutsala likuyang'ana kumwamba. Inu mumati likuopa kabawi. Likuona ngati ndi mwana wake, ndipo otsalawo likuwagwira kuti wina asapitenso.

Yanga ndaitula pano, woitola aitole.